Yezani Kaye, Amisiri!

Inu anyamata ndi atsikana amene mwavala ovololo m'magalaja a ku Biwi, ku Ndirande, ku Limbe ngakhale pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu wa M1, imvani kuno. Ntchito muli nayo m'manjayo si yachibwana ayi. Injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi imodzi, pisitoni imakwera ndi kutsika maulendo 50 pa sekondi, moto ukuyaka pamutu pake. Woiika m'malo mwake kuti ipirire zonsezo ndinu. Ndiye muzidziderera bwanji?

Galimoto ikabwera ikufuka utsi wabuluu, oyilo akungotha, mwiniwake amati, "Amisiri, ingosinthani maring'i, ndalama zavuta." Musafulumire kuvomera. Apa m'pamene mmisiri amasiyana ndi womasula mabawuti. Tsukani pisitoni, palani kaboni m'timipata ta maring'i ndi kachidutswa ka ring'i yakale, kenako muiyang'anitsitse padzuwa. Ikakhala yokandika m'mbali, injiniyo inatentha mopitirira kapena inasowa oyilo. Ikadyeka pamutu, fufuzani mafuta ndi timing, apo ayi yatsopanoyo idyekanso chimodzimodzi. Yong'aluka musaimvere chisoni, tayani.

Tsopano gwirani micrometer. M'magalimoto ang'onoang'ono ambiri, mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda umakhala cha m'ma 0.02 mpaka 0.05 mm, kuchepa kuposa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu. Chala sichingaumve, diso silingauone, ndipo kugwedeza pisitoni n'kunena kuti "ili bwinobwino" si kuyeza. Kampatako kali ndi ntchito yake: pisitoni ndi ya aluminiyamu, ndipo ikatentha imafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha silinda. Mpata ukachepa, imakanirira galimoto ili pamtunda. Ukakula, injini imagogoda m'mawa, mphamvu n'kumathawa.

Yezani pisitoni m'munsi, mopingasana ndi pini, pamalo penipeni pamene buku la injiniyo lanena, chifukwa pisitoni siyozungulira ndendende monga imaonekera. Silinda muiyeze pamwamba, pakati ndi pansi, mbali ziwiri paliponse. Mudzapeza kuti imatha kwambiri kumtunda, kumene ring'i yoyamba imatembenukira. Manambalawo lembani, ngakhale pakatoni. Mukamuonetsa mwini galimoto kuti silinda ya Probox yake, yoyenera kukhala 75 mm, yadyeka kupitirira malire, mkangano umathera pomwepo, ndipo amayamba kukutchulani mwaulemu. Buloko yololedwa kuboola ipite kwa amakina ikabwere ndi mapisitoni a 0.25 kapena 0.50 mm oversize. Koma funsani buku kaye, pakuti injini zina za aluminiyamu opanga ake salola kuti ziboledwe.

Ndikudziwa, zida n'zodula. Koma zimandipweteka kuona mnyamata waluntha, wamanja abwino, akukalamba ali wongotumidwa sipanala chifukwa choopa manambala. Sonkhani anthu atatu kapena anayi, chitani chipereganyu, gulani micrometer imodzi muzibwerekana. Feeler gauge sidya ndalama zambiri. Mabuku a injini masiku ano amakwana mufoni. Zimene anzanu amaphunzira ku Lilongwe Technical College inunso mutha kuzigwira, bola mtima wofuna kudziwa. Mmisiri wamkulu akamayeza, imani pafupi, funsani, musachite manyazi!

Maring'i atsopano nawonso musawakhulupirire poti achoka m'bokosi. Lowetsani imodziimodzi m'silinda, ikankheni ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, muyeze mpata wa kumapeto kwake. Nthawi zambiri umakhala cha m'ma 0.2 mpaka 0.4 mm, koma nambala yeniyeni ili m'buku. Ukachepa, ring'i ikatentha nsonga zake zimagundana, n'kuthyoka kapena kukanda silinda. Powaveka, mbali yolembedwa iyang'ane kumwamba, ndipo mipata yake isakhale pamzere umodzi.

Pophatikiza m'pofunika kudekha kwenikweni. Fumbi la m'chilimwe ndi mdani wanu. Buloko ikachoka kwa amakina, itsukeni ndi madzi otentha a sopo mpaka kansalu koyera katuluke koyera, kenako muipake oyilo msanga isachite dzimbiri. Yalani katoni yoyera, osaika mapisitoni padothi. Yang'anani kachizindikiro ka pamutu pa pisitoni, kaloze kutsogolo kwa injini. Pakani oyilo, mangani ring compressor, vekani timapaipi pa mabawuti a conrod kuti asakande crankshaft, ndiye muzigogoda pang'onopang'ono ndi mpini wa mtengo wa hamala. Ikakana, lekani! Ring'i yatuluka penapake, mukakakamiza, mwaithyola. Mabawuti mangani ndi torque wrench, osati ndi mphamvu za nsima, ndipo mukalowetsa pisitoni iliyonse zungulizani injini ndi dzanja mumve ngati ikuyenda mosakakamira.

Minibasi mukukonzayo idzanyamula amayi opita kumsika ndi ana a sukulu, dalaivala ndi kondakitala amadyera pomwepo. Mukailiza, imvetsereni, yang'anani utsi, yang'anani nyali ya oyilo. Dalaivala mumuuze molimba mtima kuti asaithamangitse kapena kuilemetsa masiku oyambawa, asamale air filter, ndipo akayenda makilomita pafupifupi 1,000 abwere mudzasinthe oyilo ndi fyuluta.