Kodi Kutali Nkuti?

Anthu odziwa kuyeza dziko amatiuza kuti kuchokera ku Blantyre kukafika ku London, potsata njira ya mlengalenga, pali makilomita opitirira 8,000; ndipo munthu amene wakwera ndege pa Chileka lero, ngakhale atsike ndi kusintha ndege ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg, mawa lake amakhala akuponda nthaka ya ku Ulaya. Makolo athu a m'chigwa cha Shire akadamva zimenezi akadagwira pakamwa, pakuti pamene Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862, pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, mankhwala ake atamira m'madzi bwato litagubuduzika, panapita miyezi uthenga wa maliro usanafike kwa abale ake kutsidya kwa nyanja.

Tsono kodi tinene kuti mtunda wagonjetsedwa, ndi kuti ana a Adamu ayandikana? Ine ndikukana. Mvula ikagwa mosalekeza kumapiri a Thyolo ndi Mulanje, monga inachitira mu Januwale 2015 ndiponso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, Ruo ndi Shire amasefukira, njira zimaduka, ndipo mayi wa ku Makhanga amene watsala pa chulu ndi ana ake amakhala kutali ndi boma la Nsanje koposa mmene wapaulendo wa pa Chileka atalikirana ndi London. Pakuti wapaulendoyo adziwa ola limene adzafika, pamene mayiyo sadziwa ngati bwato lidzabwera dzuwa lisanalowe. Kuyambira 1997, madzi atakokolola njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo, anthu a kutsidya akhala akuwoloka pa mabwato ndi odwala awo, mitembo yawo ndi matumba awo a chimanga.

Pamenepa ndipo pagona funso lakale lija la wachilamulo wa m'Baibulo, lofuna kudziwa mnansi wa munthu ndani. Ambuye pomuyankha sanatchule mtunda. Anafotokoza za wansembe ndi Mlevi amene anadutsa pafupi penipeni ndi munthu wovulazidwa koma mitima yawo ili kutali, ndi za Msamariya, mlendo, amene anaima. Ndege ifupikitsa ulendo wa thupi, ndipo nkoyenera kuyamika Mulungu chifukwa cha nzeru yotereyi, popeza pa masiku a chigumula ndi ndege zomwezo zimene zimatula ufa ndi mankhwala kumene galimoto silingafike. Koma palibe chombo chimene chingasendeze munthu kufupi ndi mbale wake ngati iye mwini sanafune. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo sanafunse kuti mnzakoyo akhala tsidya liti la mtsinje.

Inu amene muuluka kupita ku misonkhano ya maiko akutali, mukabwerako tsikani phiri la Thabwa, muwoloke pa bwato, mukaone mmene anthu a ku Makhanga akhalira.