Tikiti ya Mdzukulu, Mapapo a Agogo

Pa 19 Febuluwale 2020 anthu pafupifupi 40,000 a mumzinda wa Bergamo ndi madera ozungulira, kumpoto kwa dziko la Italy, anakwera mabasi, sitima ndi magalimoto kupita ku Milan. Timu yawo ya mpira, Atalanta, inali itafika koyamba m'mbiri yake mu ndime ya matimu 16 a mpikisano wa Champions League. Inkasewera ndi Valencia ya ku Spain pa bwalo la San Siro, ndipo inapambana ndi zigoli 4 kwa 1. Kanayi konse anthu anadumpha, kukumbatirana ndi kukuwirana kumaso. Amene anatsala ku Bergamo anaonera masewerawa atathithikana m'mabala ndi m'nyumba.

Patangopita masiku awiri, dziko linamva kuti munthu wina wa ku Codogno, m'chigawo chomwecho cha Lombardy, wapezeka ndi kachilombo ka korona asanapite kunja kulikonse. Patatha mwezi, pa 18 Marichi, magalimoto a asilikali anandandalika mumsewu usiku atanyamula mabokosi a maliro kupita nawo ku mizinda ina, chifukwa Bergamo sinkathanso kusamalira akufa ake. Nyuzipepala ya mumzindawo, L'Eco di Bergamo, imene mu Febuluwale inkalemba mauthenga a maliro pa tsamba limodzi ndi theka, inafika pa masamba 10 tsiku limodzi. Dayosizi ya Bergamo, kwawo kwa Papa Yohane XXIII, inataya ansembe oposa 20 m'masabata ochepa, ambiri a iwo okalamba. Mpira sunali chifukwa chokha: kachilomboka kanafalanso m'zipatala ndi m'malo a ntchito. Komabe madokotala a mumzindawo ndi meya wake, a Giorgio Gori, anautchula usiku wa ku San Siro uja pakati pa zinthu zimene zinakoleza moto.

Anthu amene anamwalira ndi mliriwu ku Italy miyezi yoyambayo anali a zaka pafupifupi 80, tikawatenga onse pamodzi. Chifukwa chake n'chodziwika. Munthu akamakula, chitetezo cha m'thupi chimachedwa kuzindikira mdani watsopano, mapapo satambasuka monga kale, ndipo ambiri amakhala ali kale ndi shuga, kuthamanga kwa magazi kapena vuto la mtima. Chimfine chimene mnyamata amachigonera masiku atatu, kwa agogo chimasanduka chibayo. Ku bwalo la mpira nako kuli zonse zimene kachilombo koyenda mumpweya kamafuna, ndipo zoopsa kwambiri sizili pa mipando yapabwalo pomwe pamawomba mphepo ayi. Zili pa mzere wa pageti, m'zimbudzi, m'mabala, ndi m'basi yotseka mawindo imene anthu akuimba ulendo wonse.

Tsono taganizirani bambo wa zaka 74 amene wakhala akuchemerera timu imeneyi kuyambira ali mwana, timu ikugwa ndi kudzuka, ndipo lero ali ndi tikiti m'thumba. Ana ake akumuletsa. Iye akuyankha kuti moyo ndi wake, kuti wakhala akudikira tsiku limeneli zaka 60, ndipo sadziwa ngati lidzabweranso iye akali moyo. Mawu amenewa si opepuka. Munthu wachikulire si mwana woti azimubisira nsapato kuti asatuluke. Pali kusamala kwina kumene kumachotsera makolo ulemu, pamene ana ayamba kulankhula za iwo ngati katundu wosweka msanga, n'kumawapangira ziganizo iwo ali pomwepo. Lamulo lachinayi limanena za kulemekeza, ndipo kulemekeza munthu n'kuvomerezanso kuti ali ndi nzeru zoyeza yekha chimene chili chamtengo kwa iye. Moyo wautali wongokhala pakhonde, wolandidwa chilichonse chokondweretsa, si umene aliyense angausankhe.

Bamboyu akadakhala kuti akufuna kukwera phiri, nkhani ikadathera pomwepo: akagwa, wagwa yekha. Koma mliri suyenda choncho. Akabwerera kunyumba amagona chipinda chimodzi ndi mkazi wake wa zaka 70 amene sanagule tikiti. Akadwala amafuna bedi ndi mpweya wa okosijeni, ndipo ku Bergamo mu Marichi 2020 zinthu zimenezi zinkachepa kwakuti madokotala ankakakamizika kusankha woti amuthandize poyamba. Ufulu woika moyo wako pachiswe ulipo ndithu, koma umathera pomwe payambira mpweya wa mnzako. Apa ana aja ali ndi mfundo, ndipo bamboyo ayenera kuimva ngakhale ikuchokera kwa anthu amene iye anawaphunzitsa kuyenda.

Koma pali chinthu chimene ana aja sakonda kuchiyang'ana. Ambiri mwa okalamba amene anaikidwa m'manda ku Bergamo sanapondeko ku San Siro. Kachilomboka kanawapeza kunyumba. Munthu amatha kukhala nako masiku angapo osamva kanthu, uku akupatsira ena, ndipo achinyamata ambiri sanadwale n'komwe. Ku Italy, monganso m'makomo ambiri kuno, agogo amakhala pafupi ndi ana awo, amalera adzukulu, amadyera nawo limodzi Lamulungu. Choncho mdzukulu amene akuti, "Agogo, inu khalani, n'zoopsa kwa inu," kenako iye n'kuvala malaya a timu n'kunyamuka, sanawateteze agogowo. Wangowalanda chisangalalo, ngozi n'kuwasiyira. Usiku akabwera adzawakumbatira powauza zigoli.

N'chifukwa chake langizo loti okalamba okha azikhala kunyumba, ngakhale limamveka lanzeru, lili ndi kachinyengo mkati. Limasenzetsa mtolo wonse anthu amene ali kale pangozi, ena onse n'kupitiriza moyo wawo mosasintha kanthu. Limakomeranso ogulitsa matikiti. Ngati banja likuona kuti bwalo n'loopsa kwa agogo, ndiye kuti n'loopsanso kwa aliyense amene adzagone nyumba imodzi ndi agogowo. Mwana amene akufuna kuti bambo ake amumvere ali ndi njira imodzi yolankhulira moona: ayambe waika tikiti yake patebulo. Mkulu amamva msanga pempho la munthu amene nayenso akutaya kanthu kusiyana ndi lamulo la munthu amene akutuluka pakhomo.

Anthu a ku Bergamo sayenera kuimbidwa mlandu. Pa 19 Febuluwale sankadziwa, ndipo munthu sangaweruzidwe pa chimene sakadatha kuchidziwa. Nkhani ya ku England ndi ina. Pa 11 Marichi, tsiku lomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti uwu ndi mliri wa dziko lonse, anthu oposa 50,000 analowa pa bwalo la Anfield kukaonera Liverpool ndi Atlético Madrid. Pakati pawo panali pafupifupi 3,000 ochokera ku Madrid, mzinda umene unali utatseka kale masukulu, m'dziko limene linali litalamula kale kuti mpira wa ligi uziseweredwa popanda oonera. Kwawo sakadaloledwa kulowa m'bwalo, koma ndege inawanyamula. Sabata yomweyo mpikisano wa mahatchi wa ku Cheltenham, umene umakokanso achikulire ambiri, unachitika masiku anayi athunthu. Apa zonse za ku Italy zinali zitaonekera kale pa wailesi yakanema.

Pamenepa mlandu waukulu suli pa bambo wa tikiti kapena mdzukulu wake. Munthu wamba akaona geti lili lotsegula, apolisi akulondolera magalimoto, boma lili chete, amatenga zimenezo ngati uthenga woti kulibe choopsa. Amene ali ndi mphamvu yotseka geti ali ndi madokotala owalangiza ndi ziwerengero zimene wochemerera alibe, ndipo akamati "aliyense asankhe yekha" amakhala akukankhira chiganizo chovuta kwa amene akudziwa zochepa kuposa onse. Mu Okutobala 2021 makomiti a nyumba ya malamulo ya ku Britain anadzudzula boma lawo chifukwa chochedwa kuletsa misonkhano ikuluikulu, ndipo anatchula masewera awiriwa.

Kuchita mwina kunali kotheka, ndipo kunachitika sabata yomweyo. Pa 10 Marichi Atalanta inapita ku Valencia kukabwereza masewera aja m'bwalo lopanda munthu. Josip Iličić anagoletsa zigoli zinayi, timu inapambana 4 kwa 3 n'kupitirira mu ndime ya matimu 8. Akuluakulu a timuyo anapempha ochemerera kuti asapite ku bwalo la ndege kukailandira.