Kumvera chisoni wolakwa sikufafaniza mlandu wake

Achinyamata ambiri masiku ano amakumana ndi nkhani za chabwino ndi choipa m'magemu a pa PlayStation ndi pakompyuta. Imodzi mwa magemu amene adautsa mtsutso waukulu ndi The Last of Us, yomwe kampani ya Naughty Dog ya ku America idatulutsa mu 2013.

M'nkhaniyi, mliri woyamba ndi bowa wotchedwa Cordyceps wasakaza dziko. Joel, bambo amene mwana wake wamkazi adaomberedwa ndi msilikali mliriwo utangoyamba, akuperekeza Ellie, mtsikana wa zaka 14 yemwe matendawa samugwira. Atafika kuchipatala ku Salt Lake City, Joel adamva kuti madokotala akufuna kupanga katemera kuchokera mu ubongo wa Ellie, ndipo mtsikanayo adzafera pa opaleshoniyo. Joel adapha alonda ndi dokotala wa opaleshoni, n'kumutenga Ellie, pambuyo pake n'kumunamiza za zomwe zidachitika. Osewera ambiri adamuikira kumbuyo, poti adayenda naye ulendo wonse ndipo ankadziwa chilonda cha mumtima mwake.

Gawo lachiwiri, lomwe lidatuluka mu 2020, lidatembenuza zinthu. Mtsikana wina, Abby, adapha Joel mwankhanza, ndipo osewera adadana naye. Kenaka gemuyo idawapatsa Abby yemweyo kuti asewere ngati iye. Apo ndi pomwe adadziwa kuti dokotala uja anali bambo ake. Abby nayenso anali mwana wamasiye wolira kholo lake.

Nanga woipa ndani? Ena amati onse awiri alibe mlandu chifukwa adavutika. Ena amamvera chisoni yekhayo amene adayamba kumudziwa. Maganizo onsewa ndi operewera. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 1735, amaphunzitsa kuti mantha, umbuli kapena kukakamizidwa zingathe kuchepetsa mlandu wa munthu. Koma pa nambala 1759 amakumbutsanso kuti cholinga chabwino sichisandutsa ntchito yoipa kukhala yabwino. Abby adakonzekera kwa zaka zingapo, adamupeza Joel, ndipo ngakhale Joel anali atangomupulumutsa ku imfa, iye adasankha kumupha. Chisoni chake chimafotokoza chimene chidamukankha, koma dzanja lomwe lidapha linali lake. Chimodzimodzinso bodza la Joel: adalisankha yekha.

Malembo Oyera amasunga zonse ziwiri pamodzi. Pa Genesis mutu 4, Mulungu adamufunsa Kaini za m'bale wake Abele, namupatsa chilango. Komabe adamuika chizindikiro kuti wina aliyense asamuphe. Mlandu udatchulidwa poyera, koma wolakwayo sadaperekedwe m'manja mwa olipsira.

Kumapeto kwa gawo lachiwiri, Ellie adamulondola Abby mpaka ku Santa Barbara kuti abwezere imfa ya Joel. Atatsala pang'ono kumumiza m'nyanja, adamusiya. Adabwerera kunyumba yopanda anthu, zala ziwiri zitaduka, osathanso kuimba bwino gitala yomwe inkamukumbutsa Joel.

Magemu awiriwa ali ndi zachiwawa zambiri, ndipo ku Ulaya adaikidwa m'gulu la anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Makolo amene achinyamata awo amasewera magemu otere angachite bwino kukhala nawo pansi n'kuwafunsa mafunso awiri: munthuyu adavutika bwanji, nanga adasankha kuchita chiyani? Mafunso omwewo ndi ofunika pamene wolakwayo ndi m'bale wa m'banja momwemo kapena mnzathu wa mumphakati.