Fodya wa Pachala Ngwa Mphepo

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mlimi wa kuno ku Kasiya amene wasayina kontirakiti ndi kampani aziwakumbukira mawu amenewa, chifukwa fodya ali m'chigafa mwakeyo, ngakhale adamuvutikira kuyambira ku nazale, sanakhale wake mpaka ngongole itadulidwa.

Achinyamata amayesa kuti ulimi wa mgwirizanowu ndi wa dzulodzuloli. Ayi ndithu. M'zaka za m'ma 1920 mzungu uja A.F. Barron wa ku Mbabzi ankagawira agogo athu mbande za fodya wa chikopa, n'kuwalangiza kalimidwe, kenaka n'kudzagula yekha. Chimene chidachitika mu 2012 n'chakuti boma lidaukhazikitsa ulimiwu, kuti magawo 80 pa 100 a fodya azigulitsidwa pa kontirakiti, otsalawo pa okushoni.

Ubwino wake sindiukana. Feteleza amafika mvula isanagwe, mbewu imakhala yodalirika, mlangizi amabwera pa njinga yamoto mpaka kumunda. Amene adaonapo mabelo awo akubwezedwa pa okushoni ku Kanengo sabata ndi sabata amadziwa kukoma kwa msika wotsimikizika.

Koma walira mvula walira matope. Wokukongoza feteleza ndi yemweyo wodzakuuza giredi ya fodya wako, ndipo giredi ndiyo mtengo. Apa ndi pamene mtima wanga sukhazikika. Pa selashiti ngongole imayamba yachoka, kenaka za mayendedwe ndi misonkho, mlimi n'kutola zotsala. Matalala akaboola masamba, kapena mvula ikadula monga idachitira mu 2024, ngongole siichepa ayi. Kampani imagawana nawe phindu la chaka chabwino, koma chaka choipa chimakhala chako wekha. Khasu lobwereka silikhala kuthyoka, ndipo likathyoka wolipira amadziwika.

Nafenso alimi tili ndi mbali yathu. Njala ya mu Febuluwale ikaluma, ena amazembetsa fodya wa kampani kwa mavenda usiku, anzawo a m'kalabu n'kusenza ngongoleyo. Khalidwe limeneli limapha chikhulupiriro, ngakhale chimene chimaliyambitsa ndi nkhokwe yopanda kanthu.

Mu 2019 dziko la America lidatsekereza fodya wa ku Malawi kamba ka nkhani yogwiritsa ntchito ana, ndipo mu 2021 lamulo lidathetsa utenanti. Zonsezo n'zoyenera, mwana malo ake ndi kusukulu. Komatu wosoka fodya ndi wopachika mikangala afunika malipiro. Ngati mtengo wa pa kontirakiti sukwanira kulipira munthu wamkulu wa ganyu, mwanayo abwerera m'chigafa ngakhale alangizi aletse chotani.

Tsono ulimiwu kuti ukhalitse, pepala la mgwirizano lilembedwe m'Chichewa ndipo liwerengedwe pamaso pa kalabu yonse. Mtengo wa thumba lililonse la ngongole udziwike nazale isanafesedwe. Za matalala ndi ng'amba zilembedwemo, kuti tidziwiretu ndani adzasenza chiyani. A Tobacco Commission ndi a TAMA aime pafupi pamene magiredi akuperekedwa. Izi zifunika msanga, poti makontirakiti afika kale ku mtedza ndi soya, mbewu zimene amayi a ku Nsaru ndi kwa Kabudula akhala akudyetsera ana ndi kugulitsa pa nthawi yofuna okha.