Kodi dzina la wogulitsa lili ndi mtengo wanji?

Pa intaneti pali masamba amene nchito yake ndi kuyerekeza mitengo. Ukalemba dzina la katundu, kaya telefoni kaya wailesi, amakuyalira masitolo ogulitsa cinthuco, iliyonse ndi mtengo wake. Ku South Africa, kumene kuli abale athu ambiri, kuli tsamba lotere, dzina lake PriceCheck.

Munthu angaganize kuti aliyense amathamangira mtengo wotsikitsitsa. Ayi ndithu. Mu 2001 akatswiri awiri a ku America, Michael Smith ndi Erik Brynjolfsson, adafufuza anthu ogula mabuku pa tsamba lotere. Adapeza kuti ambiri ankalolera kuwonjezera ndalama kuti agule ku sitolo yodziwika ngati Amazon, buku lili lomwelo.

Kodi kumeneku ndi kupusa? Ine ndikuti ayi. Ifenso kuno kumalire, tikamawerengera mtengo wa feteleza m'meticais ndi m'makwacha, sitiyang'ana nambala yokha. Timafunsa kuti thumbalo ndi la yani, ndipo likapezeka losakaniza ndi mcenga tikadandaula kwa yani. Wogula pa intaneti vuto lake ndi lalikulu kuposa lathu: amalipira katundu asanamugwire, kwa munthu amene sadamuonepo nkhope. Ndalama yowonjezerayo akugulira tulo.

Koma pali pamene mtima wanga sukhazikika. Kuwailesi yathu ndimaulutsa uthenga wa amalonda ang'onoang'ono, ndipo ndimaona mmene woyamba kumene amavutikira kuti anthu amukhulupirire. Iye angakhale woona mtima, mtengo wake wabwino, koma dzina alibe. Tonse tikamamulambalala, dzinalo adzalipeza liti? Wamkulu amakulirakulira cifukwa coti ndi wamkulu kale. Pajatu akuluakulu adati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Ndiponso woyala mndandandawo si mngelo. Mu 2017 bungwe la European Commission lidalipiritsa Google ma euro 2,42 biliyoni cifukwa coika patsogolo tsamba lake loyerekeza mitengo ndi kukankhira a anzake kumbuyo. Cimene cili pamwamba pali amene waciika pamenepo.

Sindinganene kwa mayi amene wasunga ndalama miyezi isanu kuti aziponye kwa mlendo pofuna cilungamo. Iye agule kumene mtima wake wakhazikika. Koma ife amene tingapirire kutaya pang'ono, pogula kanthu kakang'ono ngati caja ya telefoni, tiyeni nthawi zina titsike m'munsi mwa mndandanda, tiwerenge zimene ogula ena adalemba, timuyese wosadziwikayo.