Mtengo Ukatsika, Walipira Ndani?

Mu 1946, Karl ndi Theo Albrecht, pachibale pawo, adatenga golosale ya mayi awo mumzinda wa Essen ku Germany, dziko likadali mabwinja a nkhondo. Kuchokera pamenepo padabadwa Aldi, masitolo amene lero adatchuka ku Ulaya, America ndi Australia chifukwa chotchipa. Funso lotiyenera ndi lakuti: kodi kutchipa kumeneku n'koyera?

Njira zawo zambiri n'zomveka. Amasunga mitundu yochepa ya katundu, choncho mtundu uliwonse amaupikula wochuluka pamtengo wotsika. Katundu wambiri amakhala wa dzina la sitolo yomweyo, kotero wogula salipirira kutchuka kwa kampani ina. Zinthu zimayalidwa zili m'makatoni momwe zidabwerera. Wogula amalongedza yekha m'thumba lake, ndipo potenga kangolo kokankha amalowetsamo khobidi limene limatuluka akakabweza pamalo pake. Motero antchito ochepa amakwanitsa ntchito yonse.

Kufikira apa palibe cholakwa. Chimene chadulidwa ndi zokometsera ndi kusakaza, israf imene timaletsa ngakhale ana athu. Banja losauka likapeza ufa ndi mafuta motsika chifukwa sitolo yakana kudzikongoletsa, ndiye kuti malonda atumikira munthu.

Komatu pali kutchipa kwina. Wopikula wamkulu ali ndi mphamvu yolamula mtengo. Chakumapeto kwa 2018, alimi ndi ogulitsa nthochi a ku Ecuador adadandaula poyera pamene Aldi idafuna kutsitsa mtengo wogulira katoni ya nthochi. Nthochi siyembekezera. Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa mmene mwini nsomba amagonjera dzuwa likakwera, wogula n'kukhala mmodzi yekha. Pamenepo ndalama yopulumutsidwayo siidachokere m'kusamala; yachotsedwa m'thukuta la munthu amene wogula sadzamuona.

Surat Al-Mutaffifin imadzudzula amene polandira amafuna muyeso wosefukira koma popereka amapungula. Sikelo ya m'sitolo ikhoza kukhala yolungama pamene chinyengo chachitikira kumunda, kutsidya kwa nyanja yamchere. Ndipo wogula amene amakondwera ndi mtengo popanda kufunsa chiyambi chake ali ndi gawo lake m'kupungulako.

Tsono kutchipa pakokha si ubwino kapena tchimo. Tikaona mtengo wotsika, kaya m'sitolo yaikulu kaya padoko, tidzifunse chimene chadulidwa. Ngati ndi kusakaza, tiyamike Allah ndi kutengerapo phunziro. Ngati ndi malipiro a mlimi kapena wantchito, tidziwe kuti imeneyo ndi ngongole, ndipo idzafunsidwa pa Tsiku la Chiweruzo.