CHILEMBO CHIMODZI CHOTSALA: ZA MIPIKISANO YA MPHOTHO M'MASITOLO

Aphunzitsi anzanga, tsiku lina la Sabata mnyamata wina wa m'kalasi mwanga, wa zaka 11, anabwera ndi kachitini kamene kanali kusokosera m'thumba mwake nthaŵi yonse ya pemphero. Titatuluka ndinamuitanira pambali kuti ndione. M'kachitinimo munali zitsekerero za mabotolo a zakumwa zoposa 40, ndipo chilichonse chinali ndi chilembo kunsi kwake. Kampani ina inalonjeza njinga yamoto kwa munthu amene adzasonkhanitse zilembo zonse za mau ena ake. Zitsekerero zina anachita kutola pansi pa msika wa Kamwendo, koma zambiri anagula ndi ndalama zimene anapeza pogulitsa mtedza wokunkha m'minda ya anthu. Anandiyang'ana nkhope ili ngwee, nati, "Aphunzitsi, kwangotsala chilembo chimodzi basi."

Sindinamudzudzule, pakuti sindinadziŵe kuti ndimudzudzula chiyani. Sanabe, sananame, ndipo ndalamazo anazikhetsera thukuta yekha. Komabe ndinabwerera kunyumba mtima uli wosakhazikika. Kodi mwanayu walakwa? Ngati sanalakwe, nanga chimene chikundivuta n'chiyani?

Mipikisano yotere yachuluka masiku ano. Ana athu akapita ku Lilongwe kapena akadutsa pa Mwami kupita ku Chipata, amaona masitolo ogulitsa nkhuku yokazinga ndi chipisi atapachika zithunzi za galimoto ndi mafoni. Amati gulani mbale yaikulu, mulandire kapepala kokala, kapena lembani nambala ya foni kuseri kwa lisiti muponye m'bokosi. Makampani a mafoni, a shuga ndi a zakumwa amachitanso chimodzimodzi, ndipo ambiri a inu munamvapo pa wailesi za Tikolore wa TNM. Boma limaloleza zimenezi, ndipo mu 2022 linakhazikitsa lamulo latsopano loyang'anira juga ndi maere. Tsono funso lathu sili lakuti kodi n'zololedwa. Funso ndi lakuti kodi chimene mwana amagula ndi ndalama yake n'chiyani kwenikweni.

Tiyambe ndi masamu, pakuti ambiri a ife tinagwirapo choko. Tiyerekeze kuti mphotho ndi K10,000,000 ndipo timapepala timene taloŵa m'bokosi ndi 2,000,000. Gaŵani ndalamazo ndi timapepalato. Kapepala kalikonse kakutenga K5 yokha, ndalama yosakwana ngakhale kugula switi. Umenewo ndiwo mtengo weniweni wa mwayi umene uli m'dzanja la mwana. Akawonjezera K2,000 kuti atenge mbale yaikulu m'malo mwa yaing'ono chifukwa cha kapepalako, ndiye kuti walipira K2,000 pa chinthu cha K5. Pa chithunzi cha pakhomo amalemba K10,000,000 ndi zilembo zazikulu. Chiŵerengero cha timapepala sachilemba, kapena amachilemba ndi tizilembo tofuna magalasi.

Manambala akakula chotere mutu wa munthu sutha kuwagwira, chotero tiyenera kuwasandutsa zinthu zimene tikuzidziŵa. Pa kalembera wa 2018 boma lathu la Mchinji linapezeka ndi anthu opitirira pang'ono 600,000. Mwayi wa mmodzi pa 600,000 uli ngati kulemba maina a anthu onse kuchokera ku Mkanda mpaka kwa Waliranji, makanda ndi nkhalamba zomwe, ndi kutolapo dzina limodzi. Mwayi wa mmodzi pa 2,000,000 ndi wochepa koposa katatu kuyerekeza ndi umenewo.

Koma chimene chinagwira mnyamata uja si kukula kwa mphotho kokha. Chinamugwira ndi mau aja akuti "kwangotsala chimodzi." Apa ndipo pali nzeru yonse ya eni mipikisanoyi, ndipo ndifuna tiimepo pang'ono.

Ku America kuli kampani yaikulu yogulitsa chakudya chophika kale yotchedwa McDonald's. Kuno ku Malaŵi kulibe, koma abale athu amene ali ku Joni akuidziŵa. Mu 1987 kampaniyi inayambitsa mpikisano wotchedwa Monopoly. Munthu akagula chakudya ankapeza timapepala tomata pa kapu kapena pa kabokosi ka chipisi. Kuti apate mphotho yaikulu ya madola 1,000,000 anayenera kupeza timapepala tiŵiri tokha, kena kolembedwa Park Place ndi kena kolembedwa Boardwalk. Tsono timapepala ta Park Place ankasindikiza tochuluka kwambiri, mwakuti anthu mamiliyoni anali nato m'matumba. Ta Boardwalk ankasindikiza toŵerengeka pa zala, pakati pa timapepala mamiliyoni mazanamazana. Aliyense wokhala ndi Park Place ankadziona ngati wafika pakati pa ulendo, pamene kunena zoona anali asananyamuke n'komwe. Kapepala kopezeka paliponse kalibe mtengo. Mpikisano wonse uli pa kapepala kosoŵako. Zitsekerero 40 za mnyamata uja zinali chimodzimodzi. Iye amene anali ndi chitini chodzaza ndi mnzake amene analibe n'chimodzi chomwe, onse anali pa mtunda wofanana kuchokera pa njinga yamoto ija.

Ngakhale wopambanayo sankalandira madola 1,000,000 tsiku limodzi. Ankapatsidwa madola 50,000 chaka chilichonse kwa zaka 20. Ife amene tinaona kwacha ikugwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023 tikudziŵa kuti ndalama ya chaka chino siifanana ndi ya zaka 20 zikudzazo. Kunalinso timphotho ting'onoting'ono tambiri, monga kapu ya chakumwa kapena chipisi chaulere. Timeneti anthu ankapatadi. Koma kuti ukatenge chipisi chaulerecho uyenera kubwereranso ku sitolo, ndipo ndani amadya chipisi chokha osagulirapo kanthu kena? Mbedza siiponyedwa m'madzi yopanda nyambo.

Pambuyo pake kunadziŵika chinthu china choipa koposa. Munthu amene anapatsidwa udindo wosunga timapepala ta mphotho zazikulu, Jerome Jacobson, amene kale anali wapolisi ndipo ankagwira ntchito ku kampani ya Simon Marketing yoyendetsa mpikisanowo, anayamba kuba timapepalato mu 1989. Ankapatsa abale ndi anzake, iwo n'kumamugaŵira ndalama. Anagwidwa mu August 2001, atasokoneza mphotho za madola oposa 24,000,000, ndipo anthu oposa 50 anapezeka olakwa pamodzi naye. Kwa zaka zingapo pafupifupi mphotho zazikulu zonse zinkadutsa m'manja mwake. Taganizani za mabanja amene ankagula chakudya chowonjezera zaka zimenezo, ana akumatula timapepala mtima uli m'mwamba, pamene kapepala kamene ankafuna kanali m'thumba la jekete la munthu mmodzi. A McDonald's eni ake sanadziŵe. Sindikunena kuti mipikisano ya kuno ndi yachinyengo, ai. Ndikunena kuti wogula alibe njira yoonera m'kati mwa bokosi.

Nkhani imene imandiŵaŵa kwambiri ndi ya ku Philippines, pakuti anthu ake anali osauka monga ife. Mu 1992 kampani ya Pepsi inasindikiza manambala kunsi kwa zitsekerero, ndipo madzulo aliwonse pa wailesi yakanema ankalengeza nambala yopambana. Mphotho yaikulu inali mapeso 1,000,000. Pa 25 May chaka chimenecho analengeza nambala 349, osazindikira kuti mwangozi anasindikiza nambala imeneyi pa zitsekerero pafupifupi 800,000. Chiŵerengero chimenechi chikuposa anthu onse a m'boma la Mchinji. Usiku umenewo mabanja ambirimbiri anagona akukhulupirira kuti umphaŵi wawo watha. Kutacha kampani inati kunali kulakwitsa, nipereka mapeso 500 kwa aliyense ngati chipepeso. Kunabuka zipolowe, magalimoto a kampani anatenthedwa, ndipo anthu anafa. Pakati pa akufawo panali mphunzitsi wamkazi ndi kamtsikana ka zaka zisanu, amene anaphedwa ndi bomba loponyedwa pa galimoto yonyamula zakumwa ku Manila. Milandu inatha mu 2006, bwalo lalikulu litagamula kuti kampani siiyenera kulipira. Chimene chinasweka mwa anthu aja sichinali mtengo wa botolo limodzi. Chinali chiyembekezo chimene anachisenzetsa kachitsulo kakang'ono kosatha kuchinyamula.

Tsono kodi tinene kuti zonsezi ndi juga, Mkhristu asayandikireko? Akulu anzanga ena amatero, ndipo ndimaŵalemekeza. Koma ine sindifika pamenepo. Mai amene wagula shuga wa phala la ana, napeza kuti paketiyo ili ndi nambala ya mpikisano, sanachite juga. Shuga anamufuna ndipo wamupeza. Akapata njinga, tikondwere naye. Wotchova juga amataya ndalama yake yonse akalephera, koma maiyu sanataye kanthu. Maere paokha si tchimo, pakuti ngakhale atumwi anachita maere posankha Matiya. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankafuna kudziŵa woyenera kusenza ntchito, sanali kufuna kukolola pamene sanalime.

Muyeso umene ndaupeza wothandiza ndi funso limodzi: kodi chinthuchi ndikanagula pakanapanda mphotho? Ngati yankho ndi inde, palibe mlandu. Ngati yankho ndi ai, ndiye kuti ndalama imene ndapereka si ya chakudya, ndi yobetchera, ngakhale andipatse nkhuku m'manja. Ndipo eni masitolo akudziŵa bwino kuti ambiri adzayankha kuti ai. Akanakhala kuti anthu agula monga mwa masiku onse, galimotoyo ikanalipiridwa ndi yani? Mphothoyo imachokera m'matumba a olephera. Amene wapata galimoto wapatsidwa ndi anzake zikwizikwi amene anagula mbale yachiŵiri asali ndi njala.

Pali chinanso chimene chimachitika mu mtima, chimene ndalama sizingachiyese. Mnyamata uja asanamve za mpikisano sankaiganizira njinga yamoto. Atamva, anayamba kuiona ngati yake imene ikungochedwa kufika. Njinga yakapalasa ya atate ake, imene amanyamulira matumba a soya kupita nawo ku msika, inayamba kumuchititsa manyazi. Lamulo lachikhumi limaletsa kusirira, ndipo timaliphunzitsa ngati kuti kusirira kumangomera kokha mu mtima. Masiku ano kuli anthu ophunzira bwino amene amalipidwa kuti akubzale ndi kukuthirira, ndipo ana ndiwo munda wofeŵa.

Tisaloze chala kunja kokha. Kangati pa mpingo pathu, pofuna malata a tchalitchi, tagulitsa matikiti kuti wina apate mbuzi kapena wailesi? Timati ndalamazo zikupita ku ntchito ya Mulungu, ndipo n'zoona. Koma mwana amene waona mkulu wa mpingo akupukusa chidebe cha matikiti kutsogolo kwa guwa adzatimvetsa bwanji tikamamuletsa zitsekerero? Ine ndinagulitsapo matikiti otere, ndipo lero sindikhala nazo mtendere. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kuti bwalo la akulu liikambirane. Mphotho za m'kalasi mwathu n'zosiyana. Pensulo imene timapatsa mwana woloŵeza mavesi imatsata khama lake, ndipo amene sanailandire watsalabe ndi mavesi m'mutu. Koma tikayamba kutola maina m'chipewa kuti ana abwere ambiri, tatengera njira ya kusitolo.

Pophunzitsa nkhaniyi musayambe ndi kuletsa, pakuti mwana woletsedwa amangobisa chitini chake. Ine ndinachita motere. Sabata lotsatira ndinabwera ndi ndowa yodzaza chimanga chotonola, nditapaka njere imodzi inki yofiira ndi kuisakaniza bwinobwino. Ndinauza ana kuti aliyense atseke maso, apise dzanja, atole njere imodzi, ndipo wopeza yofiira atenga K1,000 imene ndinaika pa tebulo. Anatola onse, ndi kubwereza katatu, osaipeza. Pamenepo ndinaŵauza kuti m'ndowamo muli njere pafupifupi 50,000, ndipo kuti tifike pa 2,000,000 tifunika ndowa 40 zotere, njere yofiira ikhalebe imodzi. Ndinafunsa kuti ndani angandilipire K500 kuti atole kamodzi. Onse anaseka, palibe anakweza dzanja. Kenaka ndinapatsa mwana aliyense njere zoyera zinayi, ndi kunena kuti wopeza zisanu pamodzi ndi yofiira ndiye wapambana, chotero onse atsala ndi imodzi yokha. Mtsikana wina wamng'ono ndiye anayamba kuzindikira. Anati, "Koma aphunzitsi, zoyerazi n'zopanda ntchito."

Mnyamata wa chitini uja sanaseke nawo. Anakhala chete mpaka titaimba nyimbo yotsekera. Potuluka anandifunsa kuti zitsekerero zakezo achite nazo chiyani tsopano. Ndinamuuza kuti kalasi ya ana aang'ono ku sukulu ya pulaimale imasoŵa zoŵerengera masamu, ndipo Lolemba anakazipereka kwa aphunzitsi a Sitandade 1. Anasungako chimodzi, sindinamufunse chifukwa chake.